Kuchoka pa Chifunga kukatera ku Likoma: makilomita, mphindi ndi masiku

Pa Chifunga tinazolowera kuyeza ulendo ndi msewu wa ku Mwanza. Minibasi ikadzaza msanga, apolisi a pa Zalewa akapanda kuichedwetsa, mu Blantyre mulowa dzuwa lisanatenthe. Za ndege timasiyira a m'tauni. Koma kalata ya boma siyang'ana komwe munthu anabadwira. Mphunzitsi, namwino kapena wapolisi wa kuno ku Neno atha kungouzidwa kuti mwezi wamawa akayambe ntchito ku Likoma, ndipo madzulo omwewo abale amayamba kufunsa: n'kutali bwanji, kumapita ndege, nanga kuno kukagwa zovuta adzafika liti?

Kodi m'Malawi muno munthu angauluke kuchoka pa chilumba china kukatera pa chinzake?

Ayi. Chilumba chokhala ndi bwalo la ndege tili nacho chimodzi, Likoma. Chizumulu, chomwe chili m'boma lomwelo, chilibe. Ku Chisi pa nyanja ya Chilwa, ku Mbenji ku Salima, ku Domwe ndi ku Thumbi kufupi ndi Chembe, konseko n'kofika pa boti kapena pa bwato. Choncho ndege yotera pa Likoma imakhala yachokera kumtunda, kawirikawiri ku Lilongwe. Zodumpha kuchoka pa chilumba kukatera pa china zili kunja, ku Zanzibar, ku Seychelles ndi ku Scotland, ndipo tifikako.

Likoma ili kutali bwanji ndi Chifunga?

Mukatambasula ulusi pa mapu, ndi makilomita pafupifupi 380, ndipo ulusiwo umaloza kumpoto kwenikweni, osapendekera kwambiri kum'mawa kapena kumadzulo. Mwana wa fomu 2 atha kuwerengera yekha ndi atilasi ya kusukulu. Mizere yopingasa pa mapu imatalikirana makilomita 111 pa digiri iliyonse. Likoma ili pa madigiri 12 kummwera kwa Equator, Chifunga pa madigiri 15 ndi theka. Kusiyana kwake ndi madigiri 3 ndi theka. Chulukitsani ndi 111, mupeza 388. Chotsanipo pang'ono poti Likoma inadutsako pa mzere wa 12, mwafika pa 380 paja.

Palibe galimoto yotsata ulusi. Wapamsewu ayenera kutsikira pa Zalewa, kukhotera pa Chingeni, kudzera Golomoti, Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka Nkhata Bay, makilomita opitirira 500. Akafika pamenepo madzi ndiye amayamba: makilomita ena pafupifupi 70.

Nanga ndegeyo imatenga nthawi yaitali bwanji?

Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 215, ndipo ndege zing'onozing'ono zomwe zimapita kumeneko zimatenga ola limodzi kapena kucheperapo pang'ono. Kuchoka ku Chileka, komwe n'kufupi ndi ife, ndi makilomita pafupifupi 400. Ndege yoyenda makilomita 260 pa ola ingafunike ola ndi theka ndi kanthu. Kuchoka ku Mzuzu ndi makilomita 100 ndi pang'ono, theka la ola basi.

Musayembekezere Boeing ya Malawi Airlines. Msewu woterapo ndege pa Likoma ndi waufupi, woyenera ndege zonga za Cessna, za mipando yowerengeka. Kampani ya Ulendo Airlink inanyamula anthu pa njira ya Lilongwe ndi Likoma kwa zaka zingapo. Makampani otere amabwera n'kupita, ndandanda zawo zimasinthasintha, ndiye wofuna kuuluka afunse za sabata yomwe akufuna kuyendayo, asadalire zomwe anamva chaka chatha.

Bwanji kugawa makilomita ndi liwiro sikupereka nthawi yomwe yalembedwa pa tikiti?

Chifukwa ndege siyamba ulendo ili kale m'mwamba. Imayenda kaye pang'onopang'ono pa bwalo, imadikira chilolezo kwa a pansanja, imathamanga, kenako imakwera, ndipo pokwera liwiro limakhala lotsika kuposa ikakhazikika. Pofika iyenera kutsika mwadongosolo, nthawi zina kuzungulira kuti itere moyang'anizana ndi mphepo. Makilomita 215 pa liwiro la 260 ndi mphindi 50, koma pa tikiti alemba ola. Ulendo ukamafupika, mbali yoyenda pa bwalo, yokwera ndi yotsika ndi yomwe imadya nthawi yambiri. Ku Seychelles, kuchoka pa Mahé kupita pa Praslin ndi makilomita pafupifupi 45, koma ndege ya Air Seychelles imatenga mphindi 15. Masamu a m'kalasi akanapereka mphindi 10.

Chinanso, oyendetsa ndege sawerengera m'makilomita. Muyezo wawo ndi mailosi a panyanja, ndipo imodzi ndi makilomita 1.852. Mukamva woyendetsa ponyamuka ku Lumbadzi akunena kuti Likoma ili pa 116, mapu sananame. Ndi 215 yemwe uja.

Mwera umavutitsa ndege ngati mmene umavutitsira maboti?

Umavutitsa, koma mwa njira ina. Boti limamenyedwa ndi mafunde, pomwe ndege imakankhidwa kapena kubwezedwa. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka cha m'Seputembala, ndiye ndege yochoka ku Chileka kupita kumpoto imakhala nawo kumbuyo, yobwerera imakumana nawo maso ndi maso.

Tiyerekeze kuti ndege ya liwiro la 260 yakumana ndi mphepo ya makilomita 30 pa ola. Popita iyenda 290, n'kumaliza makilomita 400 aja pa mphindi 83. Pobwera iyenda 230, mphindi 104. Kukanakhala bata ikanatenga mphindi 92 mbali iliyonse. Taonani apo: popita yapindula mphindi 9, pobwera yataya 12. Mphepo sibweza zonse zomwe yatenga, chifukwa ndege imathera nthawi yaitali ikulimbana nayo kuposa ikukankhidwa nayo. Woyendetsa wanzeru amathira mafuta poganizira mbali yovutayo, makamaka ngati komwe akupitako kulibe pothirira. M'dzinja, mpoto ukamaomba, zimatembenuka.

Chomwe oyendetsa amachiopa kwambiri si mphepo ya kutsogolo koma yopingasa. Bwalo la pa chilumba limakhala ndi msewu umodzi. Mphepo ikaomba chopingasa msewuwo mwamphamvu, palibe wina wosinthira, ndipo ndege imabwerera komwe yachokera.

Chabwino, ola limodzi m'mwamba. Koma kuchoka pakhomo pano kukafika pakhomo kumeneko?

Apa ndiye pagona nkhani. Kuchoka pa Chifunga kukafika ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 300. Muyenera kutsika pa Zalewa, kudikira basi yochokera ku Blantyre, kudutsa Ntcheu ndi Dedza, kulowa mu Lilongwe, n'kupezanso galimoto ya ku Lumbadzi. Pa galimoto zokwera anthu onse, theka la tsiku lapita, mwina kuposerapo. Ndege zing'onozing'ono zimauluka masana, ndipo pa bwalo amafuna mufike nthawi isanakwane. Mapeto ake mumagona mu Lilongwe kwa achibale n'kuuluka mawa lake. Ulendo wonse ndi tsiku ndi theka, ndipo ndege yatengapo ola limodzi lokha.

Izi zili choncho ngati tsikulo kuli ndege. Ndege zotere sizinyamuka tsiku lililonse, ndipo zina zimadikira kuti okwera akwane. Uthenga wa maliro ukafika pa Likoma Lachitatu usiku, funso silikhala lakuti ndege imathamanga bwanji, koma lakuti chinthu choyamba kuchoka pa chilumbapo, kaya ndi ndege, sitima kapena boti, chinyamuka liti. Ndi nthawi yodikirayo yomwe imanena ngati munthu adzapeza mwambo kapena adzangokaona manda. Abale otsala kuno ayenera kumvetsa zimenezi asanayambe kunena kuti uje anatitaya.

Pa Ilala zimakhala bwanji?

Ilala ndi gogo. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, anailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Ulendo wake ndi umodzi pa sabata: kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba ya ku Karonga n'kubwerera. Kwa zaka zambiri ndandanda yakhala yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu n'kufika ku Likoma Loweruka, ndipo pobwerera imachoka ku Nkhata Bay Lolemba madzulo, kudzera ku Chizumulu, n'kufika ku Likoma Lachiwiri. Ikalowa pokonzedwa, zonsezi zimaima, anthu n'kudalira MV Chilembwe, MV Chambo kapena maboti a anthu wamba.

Liwiro la Ilala silifika makilomita 25 pa ola, ndiye makilomita 70 a pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma ndi maola osachepera 3 ngakhale itapanda kuima. Koma chomwe chimachedwetsa kwenikweni si injini. Ndi katundu. Kwa zaka makumi ambiri sitimayi yakhala ikuima patali ndi gombe m'malo opanda doko, anthu, matumba a chimanga, simenti, malata, nkhuni ndi madengu a usipa n'kumatutidwa pa maboti ang'onoang'ono, ulendo ndi ulendo, nthawi zina pakati pa usiku. Kutsitsa ndi kukweza kokhako kumatha maola. Mtunda womwe ndege ingaumalize pa mphindi 20 umatha usiku wonse.

Komabe amene wasamutsidwa ndi bedi, mphasa, mbaula ndi ana atatu alibe chosankha. Katundu wa banja sakwera Cessna.

Chizumulu chikanakhala ndi bwalo, kuuluka kuchoka pa Likoma kukanatenga mphindi zingati?

Zilumba ziwirizi zatalikirana makilomita a pakati pa 10 ndi 15, kutengera pomwe mwayambira kuyeza. M'mwamba ndi mphindi ngati 5. Pa boti la injini ndi ola kapena kupitirirapo, nyanja ikakhala yabata.

Ulendo wa mphindi 5 pa ndege, si nthabwala imeneyo?

Kulipo kofupika kuposa pamenepo, ndipo kumayenda ndege ya pa ndandanda. Kumpoto kwa Scotland kuli zilumba za Orkney. Ziwiri mwa izo, Westray ndi Papa Westray, mabwalo ake atalikirana makilomita 2.7. Mtunda umenewu ndi waufupi kuposa msewu woterapo ndege wa ku Lumbadzi, womwe umapitirira makilomita 3. Kunena kwina, ulendo wonsewo ukhoza kuthera mkati mwa mpanda wa bwalo la Kamuzu. Ndiwo ulendo wa ndege wa pa ndandanda waufupi kwambiri pa dziko lonse.

Kampani ya Loganair yakhala ikuuluka njirayi kuyambira 1967, ndi ndege ya Britten-Norman Islander yonyamula anthu 8. Pa ndandanda sizipitirira mphindi 2. Mphepo ikakomera, zimachepera pamenepo. Nthawi yaifupi kwambiri yomwe imakumbukidwa ndi masekondi 53. Woyendetsa wina, Stuart Linklater, anauluka kanjira kameneka maulendo opitirira 12,000 asanapume ntchito mu 2013.

Koma musaganize kuti ndegeyo imangodumphadumpha pakati pa zilumba ziwirizo tsiku lonse. Imachokera ku Kirkwall, tauni yaikulu ya Orkney, n'kutera pa china, kenako pa chinzake, n'kubwerera. Kadumphidwe kotchukako ndi kachigawo chabe ka ulendo wozungulira. Okwera ambiri ndi ochoka ku Kirkwall kapena opita kumeneko: aphunzitsi, azaumoyo, odwala okaonana ndi dokotala, ndi alendo ena ongofuna kudzanena kuti anakwerako. Likoma ndi Chizumulu zikanati zilumikizidwe ndi ndege, zikanayenera kukhala chimodzimodzi: Mzuzu, Chizumulu, Likoma, Mzuzu.

Amalipira ndani ulendo ngati umenewo? Pa Papa Westray pali anthu olemera?

Pa Papa Westray pamakhala anthu osafika 100, alimi a ziweto ndi ena otero. Matikiti awo okha sangagule mafuta, kulipira woyendetsa ndi kusamalira mabwalo. Khonsolo ya Orkney ndiyo imaikapo ndalama, n'kupangana ndi kampani kuti iziuluka kaya ndege yadzaza kaya ayi. Kwa iwo ndegeyo ili m'gulu limodzi ndi mlatho kapena chipatala.

Kwathu kuno si choncho. Ndege ya ku Likoma imakhalira moyo alendo opita kumalo ogona ngati Kaya Mawa, akuluakulu a boma ndi a mabungwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma, ochuluka kutalitali kuposa a pa Papa Westray, koma ambiri mwa iwo ndege amangoimva ikudutsa pamwamba pa tchalitchi cha St Peter's. Bwalo lilipo, mtunda ndi waufupi, koma tikiti si yawo.

Mtengo wake ndi wotani?

Umatchulidwa m'madola, ndipo tikiti imodzi imaposa kambirimbiri mtengo wa basi ndi sitima mutaziphatikiza. Mukafuna ndege pa tsiku lomwe palibe ya pa ndandanda, ndiye kuti mwachita hayala, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija la minibasi ya ukwati: mumalipira mipando yonse, ya anthu ndi yopanda anthu, ndi ulendo wake wobwerera wopanda kanthu. Kuchoka ku Chileka n'kutali kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ku Lumbadzi, ndipo hayala amawerengera maola omwe injini yalira. Ndiye kuyandikira kwathu ku Chileka sikutithandiza kwenikweni.

Nanga pa Chizumulu malo a bwalo angapezeke?

Movuta. Likoma ndi ya masikweya kilomita 18, Chizumulu 3 okha, ndipo ndi mapiri awiri olumikizidwa ndi kamtunda kotsika. Pomwe pali posalala ndi pomwe pali nyumba ndi minda ya chinangwa. Aluso atha kunena kuti n'zotheka, ndipo sanganame. Pa chilumba cha Saba ku Caribbean pali msewu woterapo ndege wa mamita 400 okha, mbali zonse ziwiri kuli phompho lotsikira m'nyanja, koma ndege za Twin Otter za kampani ya Winair zimaterapo kuchokera ku Sint Maarten, ulendo wa mphindi pafupifupi 15. Ku Barra, ku Scotland konkuja, ndege imatera pa mchenga wa m'gombe, ndipo ndandanda imatsata nthawi yomwe madzi a m'nyanja aphwera.

Kutheka ndi kwina, kufunika ndi kwina. Ine ndikanafunsidwa, ndikanati Chizumulu chiyambe chapatsidwa doko labwino ndi sitima yodalirika yofika kangapo pa sabata. Kulanda minda ya anthu kuti pazitera ndege yomwe eni mindawo sadzaikwera, n'kuyambira kumchira. Ife a ku Neno tikudziwa kuti boma likhoza kukhala ndi dzina lake pa mapu, monga lathu linapatukira ku Mwanza mu 2003, msewu wopita ku likulu lake n'kukhalabe nkhani ya pa msonkhano wa ndale. Likoma nayo inali pansi pa Nkhata Bay isanakhale boma palokha.

Kufupi ndi kwathu, kuli kuti komwe anthu amaulukadi pakati pa zilumba ziwiri?

Ku Zanzibar. Kuchoka pa bwalo la Abeid Amani Karume pa chilumba cha Unguja kupita pa bwalo la ku Pemba, kufupi ndi Chake Chake, ndi makilomita pafupifupi 125, ndipo ndege za Cessna Caravan za makampani ngati Coastal Aviation ndi Auric Air zimatenga theka la ola. Pa sitima ndi maola angapo, pa madzi odziwika ndi ukali. Pa 10 Seputembala 2011 sitima ya Spice Islander I, itadzaza mopitirira muyezo, inamira pakati pa zilumba ziwirizi ndipo anthu mazanamazana anafa. Kumenekonso nkhani ndi yomweyi: wa ndalama theka la ola, wopanda ndalama pamadzi.

Pemba ameneyu musamusokoneze ndi mzinda wa Pemba wa ku Mozambique. Ndipo pounika tikiti ya ku Tanzania kumbukirani kuti wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi. Ulendo wochoka kuno umaoneka wautali ndi ola, wobwerera waufupi ndi ola.

N'zoona kuti amayeza munthu pa sikelo asanakwere?

Pa ndege zing'onozing'ono amafunsa kulemera kwanu kapena kukuyezani, ndipo si chipongwe. Pa ndege ya mipando 5, anthu awiri ojintcha akakhala kumbuyo ndi masutikesi awo, mphuno ya ndege imadzuka. Woyendetsa ayenera kudziwa kulemera konse ndi pomwe kwakhala, ndiye akakuuzani kuti musinthane mpando ndi mnzanu, musakane. Katundu kawirikawiri amalola makilogalamu 15, m'chikwama chofewa chotheka kupanikiza, osati sutikesi yolimba.

Kutentha nako kumalowererapo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko sagwira bwino, injini imachepa mphamvu, ndipo ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Kukwera kwa malo kumachitanso zomwezo: Lumbadzi ili pa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Masana a mu Okutobala, kutentha konga kwa m'chigwa cha Lisungwi kuja, ndege yomwe m'mawa inanyamuka yodzaza ikhoza kusiya munthu mmodzi kapena katundu wake. Pa bwalo lalifupi palibe zokambirana.

Zoopsa ndi ziti, m'mwamba kapena pamadzi?

Palibe Mmalawi amene angafunse funsoli osakumbukira 10 Juni 2024, pomwe ndege ya asilikali ya Dornier 228 yochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kutachita nkhungu ndi mitambo, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Ulendowo sunali wautali. Kufupika kwa mtunda sikuteteza munthu ku nyengo yoipa.

Nyanja nayo ili ndi mbiri yake. Bishopu Chauncy Maples, mmodzi mwa amishoni a UMCA omwe anakhazikitsa mishoni ya Likoma, anamira mu 1895 boti lake litagubuduzidwa ndi namondwe kufupi ndi Salima. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chilumba, n'kupita ndi anthu 145. Maboti a matabwa odzaza mopitirira muyezo nthawi ya mwera ndiwo oopsa kuposa zonse.

Mabwalo ang'onoang'ono ambiri alibe nyale za usiku kapena zipangizo zotsogolera ndege m'mitambo. Woyendetsa amadalira maso. Iye akanena kuti lero sitinyamuka, kapena woyendetsa boti akati tidikire mphepo igwe, ameneyo ndi woyenera kumuthokoza. Woopsa ndi wokwera wa udindo amene amakakamiza kuti ali ndi msonkhano.

Wodwala mwakayakaya pa Likoma amamutani? Ndege siimutenga?

Pa Likoma pali chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican. Matenda akachikulira, wodwala amatumizidwa kumtunda, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu Central. Kuno wodwala wa pa Lisungwi akatumizidwa ku Queens, ambulansi imangolowa mu tala. Kumeneko pali makilomita 70 a madzi poyamba, ndipo njira yodziwika ndi boti. Ndege ikanamaliza ulendo wa ku Mzuzu pa theka la ola, koma sikhala pa chilumbapo kudikira odwala. Iyenera kuitanidwa kuchokera kwina, kulipiridwa, ndipo kunja kukhale kowala.

Zomwe zayamba kusintha ndi maulendo a zinthu zing'onozing'ono. Mu 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyesererako tindege topanda woyendetsa, ta drone, ndipo patapita zaka zochepa tindege totere tinayesedwa kunyamula magazi okayezedwa ndi mankhwala pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi. Ku Tanzania, mu 2018, drone ya kampani ya Wingcopter inkanyamula mankhwala kuchoka ku Mwanza, wa pa nyanja ya Victoria osati wathu uno, kupita pa chilumba cha Ukerewe, makilomita 60 pa mphindi pafupifupi 40. Drone sifuna msewu woterapo, ndiye ngakhale Chizumulu chikhoza kuilandira. Koma imanyamula makilogalamu owerengeka. Zotsatira za magazi zitha kufika tsiku lomwelo. Mayi yemwe mwana wapingasa m'mimba akadali wa boti.

Poti zilumbazi zili m'madzi a Mozambique, pafunika pasipoti?

Ayi. Likoma ndi Chizumulu ndi Malawi, ngakhale madzi ozungulira ndi a Mozambique, ndipo kaya mwabwera pa ndege kaya pa Ilala simudinditsa kanthu. Chiphaso cha unzika n'chokwanira. Pasipoti kapena chikalata cha pamalire chimafunika mukafuna kuwolokera ku Cóbuè, komwe kumaoneka tsidya mukaima pa gombe la kum'mawa, makilomita osafika 10. Malamulo ake ndi omwe mumawadziwa kale pa Mwanza powolokera ku Zóbuè, ndipo wotchi musasinthe, nthawi ya Mozambique ndi yathu ndi imodzi.